Madambo a ku North Dakota ndi lamulo la zaka 99: lipoti la mlandu

Ntchito yanga ndi yofufuza mbiri ya minda. Munthu asanagule malo, kapena banki isanapereke ngongole, wina ayenera kutsegula mabuku a ku ofesi yolembetsera malo ya county (chigawo cha dera, chonga boma la kwathu), n'kulondola kuti malowo anachoka m'manja mwa yani kupita kwa yani, komanso mapangano amene anamatiridwa pamenepo. Ku North Dakota, dera lina la dziko la United States, pepala limene limandidyera nthawi kuposa onse ndi la masamba ochepa chabe, lotayipidwa m'zaka za m'ma 1960, pamene mwini munda analonjeza boma la United States kuti madambo a m'munda mwake sadzaumitsidwa mpaka kalekale. Pangano lotere amalitcha easement. Malo amakhalabe ako, msonkho wa malo umalipirabe ndiwe, ukhoza kugulitsa kapena kusiyira ana, koma ufulu umodzi wachokapo, ndipo aliyense wodzatenga malowo adzapeza ufuluwo kulibe.

Ndalemba lipotili chifukwa mabilu ofuna kudula zaka za mapangano otere ayambanso kumveka m'nyumba za malamulo za madera a alimi ku America. Mu Januwale 2021 Pulezidenti Joe Biden anasaina chilamulo chofuna kuti pofika 2030, 30 peresenti ya nthaka ndi madzi a dzikolo zikhale zotetezedwa, ndipo mu Juni chaka chomwecho bwanamkubwa wa Nebraska, Pete Ricketts, anayankha ndi chilamulo chake chokana zimenezo. Mawu operekeza mabiluwa ndi okoma m'khutu: kuteteza ufulu wa mwini malo, kuti akufa asamalamulire amoyo. North Dakota inadzera njira imeneyi kale, mu 1977, ndipo makhoti atatu anenapo zawo. Ndinene poyera pano kuti ine mabilu otere ndimawatsutsa, ngakhale kuti madandaulo a alimi amene anawabala ndi enieni ndithu.

M'chaka china cha madzi ambiri, mwezi wa Meyi, mu ofesi munalowa bambo wina wa zaka za m'ma 70, nsapato zili matope okhaokha. Anayala patebulo pepala limene malemu bambo awo anasaina, pambali pake n'kuikapo foni yoonetsa munda umene unali nyanja mbali yonse ya kumpoto. Abakha ali yandayanda pamene panayenera kukhala tirigu.

"Ndamva kuti lamulo lathu lino sililola pangano kupitirira zaka 99," anatero. "Ndiye tandiwerengereni, zatsala zingati?"

"Pepani bambo, lamulo limenelo pepala lanuli silikulikhudza."

Anandiyang'ana kanthawi. "Nanga analipangira yani?"

Tsiku limenelo ndinangowayankha mwachidule. Yankho lonse ndi ili.

Malo ake ndi chimene chinasainidwa

Kum'mawa ndi kumpoto kwa mtsinje wa Missouri, North Dakota ndi yodzaza ndi timadambo ting'onoting'ono. Madzi oundana amene anakuta dera lonselo zaka zikwizikwi zapitazo anasiya nthaka ya maenjemaenje, kuyambira ku Iowa ndi Minnesota, kudutsa ma Dakota onse awiri, mpaka ku Manitoba, Saskatchewan ndi Alberta ku Canada. Chipale chofewa chikasungunuka, maenjewo amadzaza. Ena pofika Julayi amakhala atauma, ena amasunga madzi chaka chonse. M'menemo ndi mmene mumaswanirana pafupifupi theka la abakha akutchire a ku North America. Mlimi amaona zina. Thirakitala yokoka makina obzalira otambalala mamita 15 kapena kuposa iyenera kuzungulira kadziwe kalikonse, mbewu ndi feteleza zimathiridwa kawiri m'mphepete, ndipo nyengo yobzala kumeneko ndi yaifupi kwambiri. Ngalande imodzi yokumbidwa bwino imathetsa zonsezi, n'chifukwa chake nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha madambo ankatha mofulumira.

Ndalama zowapulumutsira zinachokera kwa alenje. Kuyambira mu 1934, wosaka abakha aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo amagula sitampu ya boma. Inayamba pa dola imodzi, lero ili pa madola 25. Mu 1958 Congress, nyumba ya malamulo ya United States, inalola kuti ndalamazo zizigula timadambo tating'ono ndi ma easement ake, ndipo mu 1961, poona kuti ngalande zikuthamanga kuposa masitampu, inabwereketsa thumba la ndalama za masitampu madola 105 miliyoni. Ngongoleyo inabwera ndi chingwe chake: boma lalikulu, la dziko lonse la United States, lisagule malo ndi ndalamazi m'dera lililonse popanda chilolezo cha bwanamkubwa wa deralo kapena nthambi yoyenera ya boma lake.

Abwanamkubwa a North Dakota, William Guy kenaka Arthur Link, analola. Chilolezo chinkaperekedwa county ndi county, chilichonse ndi malire a maekala ake, ndipo zonse pamodzi pakati pa 1961 ndi 1977 zinakwana maekala pafupifupi 1.5 miliyoni a madambo. Pofika 1977 bungwe la boma lalikulu loona za nsomba ndi nyama zakutchire, la Fish and Wildlife Service, linali litagula ma easement pa pafupifupi theka la maekalawo.

Tsopano pepala lenilenilo, pakuti mlandu wonse wagona pamenepa. Mwini munda ankalandira ndalama kamodzi kokha. Ankalonjeza zinthu zinayi: osakhetsa madzi a dambo, osalikwirira, osalisalaza, osalitentha. Likauma lokha, akhoza kulima, kudyetsapo ng'ombe, kumweta udzu. Mpaka apa palibe chovuta. Vuto linali pa mzere wofotokoza malo. Mapepala a chaka cha 1976 chisanafike sankajambula madambowo. Ankatchula munda wonse, mwachitsanzo chigawo cha maekala 160, n'kunena kuti madambo a m'menemo, amene alipo ndi amene angabwerere mwachilengedwe, ali pansi pa panganolo. Chiwerengero cha maekala amene boma linalipira chinkalembedwa pa pepala lina, lotchedwa Easement Summary, limene linkakhala m'mafayilo a bungwelo osati m'mabuku a county. Ine ndikatsegula buku, ndimaona munda wonse womangidwa. Dambo liti, lalikulu bwanji, buku silinena. Mapu anayamba kuphatikizidwa mu 1976, mapepala masauzande ambiri atasainidwa kale.

M'zaka zouma palibe amene ankalabadira. Kadziwe ka maekala awiri kanali ka maekala awiri.

Malamulo a 1977

Chapakati pa zaka za m'ma 1970 ubale wa Bismarck, likulu la North Dakota, ndi boma lalikulu la ku Washington unawawasa. North Dakota inkanena kuti alimi ena anasocheretsedwa posaina, komanso kuti boma lalikulu labwerera m'mbuyo pa malonjezo ena okhudza ntchito za madzi. Ntchito yaikulu ya ulimi wothirira ya Garrison Diversion, imene Congress inavomereza mu 1965, inali pa mndandanda wa ntchito za madzi zimene Pulezidenti Jimmy Carter anafuna kuimitsa mu 1977. Anthu amene anataya minda yachonde pansi pa damu la Garrison ankaona ngati akulandidwa kawiri.

Aphungu a North Dakota anayankha ndi malamulo atatu. Loyamba linati chilolezo cha bwanamkubwa chizidikira kaye makomishonala a county aone ndi kuvomereza. Lachiwiri linapatsa mwini munda ufulu wokambirana za kutalika kwa pangano ndi malire ake, komanso wokhetsa madzi alionse osefukira kupyola malire olembedwa. Lachitatu linati easement iliyonse pa malo a ku North Dakota isapitirire zaka 99. Ife ozolowera lizi ya zaka 99 sitingadabwe ndi nambalayi, ndi ija imamveka ngati muyaya pamene si muyaya. Zitatero, kugula ma easement kunaima, ndipo boma la United States linakasuma.

Chigamulo cha 1983

Khoti loyamba linakomera United States, khoti la apilo la Eighth Circuit linagwirizana nalo, ndipo pa 7 Malichi 1983 Khoti Lalikulu la dzikolo linagamula mlandu wa North Dakota v. United States. Chigamulo analemba ndi Jaji Harry Blackmun.

Funso loyamba linali lakuti, kodi bwanamkubwa akalola, angathe kudzabweza chilolezocho? Khoti linati ayi. Lamulo la 1961 limafuna chilolezo, silinena za kubweza, ndipo cholinga cha Congress chinali choti madambo agulidwe mwadongosolo kwa zaka zambiri, zimene sizingatheke ngati chilolezo chimasungunuka ndale zikasintha. Madzi akatayika saoleka. Jaji Sandra Day O'Connor, mothandizidwa ndi Jaji William Rehnquist, anavomereza mbali ina koma anafuna kuti khoti laling'ono liunikenso ngati boma silinachedwe mopyola muyeso kugwiritsa ntchito zilolezozo. Ambiri sanapite naye.

Funso lachiwiri linali la malamulo a 1977. Apa khoti linatsamira pa mlandu wa 1973 wa ku Louisiana, United States v. Little Lake Misere Land Co., umene unati lamulo la dera lopangidwira kulimbana ndi zofuna za boma lalikulu pa malo amene likugula silingagwire ntchito pa malowo. Ndiye malire a zaka 99 sangakhudze ma easement ogulidwa pa zilolezo zoperekedwa kale. Ufulu wokhetsa madzi osefukira sungafafanize zimene mwini munda anasaina. Za makomishonala a county zingakhudze zilolezo zatsopano zokha. Kukambirana za malire ndi zaka khoti silinakuletse, bola mbali zonse ziwiri zifune.

Bambo a nsapato zamatope aja, yankho lawo linatha pamenepa, mu 1983. Pepala la malemu bambo awo linasainidwa pa chilolezo cha m'ma 1960. Lamulo limene linabwera m'dzina lawo silinawachotsere tsiku ngakhale limodzi.

Koma m'chigamulomo muli kanthu kena kakang'ono kamene anthu ambiri amakadumpha. North Dakota inatsutsanso kuti boma lalikulu linapyola kale maekala amene abwanamkubwa analola, chifukwa mapepala amatchula minda yonse, ndipo ukaphatikiza minda yonseyo umapyola patali maekala 1.5 miliyoni. Maloya a United States anayankha kuti ayi, panganolo limamanga madambo okha, osati munda wonse, ndipo powerengera tiwerenge maekala a madambo olembedwa m'ma Easement Summary. Khoti linavomera. Boma linapambana ndi mawu amenewo. Mlandu suwola: patapita zaka 13 mawu omwewo analipeza.

Madzi atabwerera

Kuyambira mu 1993 kum'mawa kwa North Dakota kunagwa mvula ndi chipale zosaneneka, chaka ndi chaka. Nyanja ya Devils Lake, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi nthawi zonse, inakwera mamita oposa 9 pakati pa 1993 ndi 2011, n'kumiza misewu, minda ndi nyumba. Timadziwe tija tinakula, tinalumikizana, ndipo kadziwe ka maekala awiri kanasanduka thamanda la maekala 10 kapena 20.

Alimi awiri apachibale a ku Steele County, amene minda yawo inali ndi ma easement a m'ma 1960, anaona minda ikumira zaka ziwiri zotsatana. Anafunsa Fish and Wildlife Service kuti iwauze madambo amene ali pansi pa pangano kuti akhetse madzi otsalawo. Yankho linali lakuti madzi alionse oima pamundapo ndi otetezedwa. Iwo anakumba ngalande, ndipo anazengedwa mlandu pansi pa lamulo loteteza malo a nyama zakutchire a boma lalikulu. Khoti loyamba linakana kumva umboni wawo wakuti maekala olembedwa m'ma Summary anali akadali ndi madzi ngakhale ngalande zitakumbidwa.

Mu 1996 Eighth Circuit inagubuduza chigamulocho. Majaji anakumbutsa boma zimene linanena lokha pamaso pa Khoti Lalikulu: simungawerenge maekala ochepa pamene mukufuna kukhala m'kati mwa chilolezo cha bwanamkubwa, kenaka n'kuwerenga munda wonse pamene mukufuna kumanga mlimi. Kuyambira pamenepo, kuti munthu apezeke wolakwa, boma liyenera kuonetsa kuti dambo lodziwika, limene linalipo panthawi yosaina ndipo linawerengedwa mu Summary, lawonongedwa, komanso kuti munthuyo ankadziwa kuti malowo ali ndi easement.

Ndimakonda kukhalitsa pa chigamulo chimenechi chifukwa ndi chokhacho, pa nkhani yonseyi, chimene chinachotsa madzi pamunda wa mlimi. Ndipo onani kumene chinachokera. Sichinachokere ku lamulo la zaka 99. Chinachokera ku funso la malire: munagula chiyani, pati, maekala angati. Aphungu a 1977 funsoli analiona ndithu, lili m'lamulo lawo lachiwiri lija, koma analikulunga pamodzi ndi nkhondo yawo yolimbana ndi Washington, ndipo zonse zinagwera limodzi kukhoti. Mlimi womira m'madzi sadandaula za chaka cha 100. Akudandaula za Meyi uno.

Chigamulo cha 1996 sichinamalize zonse, pakuti Summary imapereka chiwerengero koma siyijambula malo. Ukadziwa kuti maekala 30 ndi omangidwa koma osadziwa kuti ndi ati, fosholo umaigwirabe ndi mantha. Ndipo madzi amayenda pansi: ngalande kapena mapaipi okwiriridwa amene ali kunja kwa dambo akhoza kulikhetsabe, choncho mkangano wa kutalikira kwa mapaipi ulipobe mpaka pano. Mu Januwale 2020, pansi pa nduna David Bernhardt, unduna woona za malo a boma unalengeza kuti eni minda ya ma easement a 1976 isanafike alandira mapu atsopano, ndiponso njira yochitira apilo ngati sakugwirizana ndi mapuwo. Pepala limene linayenera kuperekedwa tsiku losaina linafika patapita zaka zoposa 40.

Amene lamulo linawaluma

Lamulo la zaka 99 silinafe mu 1983. Linalephera pa ma easement akale a boma lalikulu, koma kwa wina aliyense lilipo, pa ndime 47-05-02.1 ya malamulo a North Dakota. Aphungu anadzawonjezanso kuti ma easement a madambo oswanirana abakha ovomerezedwa ndi bwanamkubwa kuyambira pakati pa 1985 asapitirire zaka 50, ndipo a pulogalamu ina ya madambo ya unduna wa zaulimi asapitirire zaka 30.

Amene limawaluma ndinawaona ndi maso. Anali mayi wamasiye, mwini busa la udzu wachilengedwe limene khasu kapena pulawo sizinakhudzepo chiyambire. Amuna awo anaweta ng'ombe pamenepo moyo wawo wonse. Ana ali m'tauni, ndipo mayiwo ankadziwa kuti akangotseka maso, wogula adzatembenuza udzuwo n'kubzala soya, chifukwa mtengo wa malo olima umaposa wa busa. Anamva kwa mchemwali wawo wa ku Minnesota kuti munthu akhoza kupereka easement kwa bungwe losunga malo, busa n'kukhala busa mpaka kalekale, ng'ombe n'kumadyabe, ndipo mtengo wa ufulu umene wapereka umachotsedwa pa ndalama zokhomera msonkho. Anabwera atalemba kale mafunso pa envelopu.

Ndinawafotokozera kuti ndime 170(h) ya lamulo la misonkho la United States, imene inakhazikika mu 1980, imalola kuchotserako pokhapokha panganolo likhale lamuyaya. Mu 2014 Khoti la Misonkho linaweruza mlandu wa eni malo a ku North Dakota amene anapereka ma easement n'kufuna kuchotseredwa. Iwo anati zimene zidzachitike pakatha zaka 99 n'zakutali kwambiri, mtengo wake lero ndi wosanunkha kanthu. Khoti linati funso si kutalika kwa nthawi kapena kuchepa kwa mtengo, funso ndi lakuti kodi panganolo lidzatha kapena ayi, ndipo pansi pa lamulo la North Dakota kutha kwake n'kotsimikizika. Ndiye si lamuyaya, ndipo palibe kuchotsera.

"Ndiye mukutanthauza kuti malo ndi anga, koma sindingawapatse mawu omaliza?" anafunsa mayiwo.

"Mungathe mayi, koma kwa zaka 99 zokha, ndipo msonkho sakuchotserani."

"Mchemwali wanga angathe, ine ayi."

"Ndi momwemo."

Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Lamulo lolembedwa kuti liteteze ufulu wa mwini malo linachotsa chinthu chimodzi pa mndandanda wa zimene mwini malo angachite ndi malo ake, ndipo linachichotsa kwa munthu amene palibe anamukakamiza. Pali chinanso choseketsa mopweteka. Chifukwa lamulo la dera silimanga manja a boma lalikulu mmene limamangira a bungwe wamba, Fish and Wildlife Service ikugulabe ma easement amuyaya a udzu ndi madambo ku North Dakota, ndipo mu 2011 inakhazikitsa Dakota Grassland Conservation Area pa ntchito yomweyo. Mabungwe osunga malo amene m'madera ena amayendetsedwa ndi alimi ndi oweta ng'ombe eni ake, kuno alibe pogwira. Ngakhale kugula malo kwenikweni n'kovuta kwa iwo, pakuti lamulo loletsa makampani kukhala ndi minda, limene linayamba mu 1932, limafuna kuti bungwe lotere lipeze chilolezo cha bwanamkubwa. Mapeto ake, mayi wofuna pangano lamuyaya watsala ndi khomo pafupifupi limodzi lokha, la Washington yemweyo amene aphungu ankathamangitsa. Mayiwo sankafuna boma pabusa pawo. Anapinda envelopu yawo n'kunena kuti akaganiza.

Zimene ochirikiza mabilu amanena

Mfundo yawo yamphamvu ndi ya mdzukulu, ndipo sindiipeputsa. Agogo analandira cheke kamodzi, mwina anagulira thirakitala kapena kubweza ngongole, ndalamazo zinatha kalekale, koma chingwe chatsala pakhosi pa munthu amene panthawiyo anali asanabadwe. Mitengo ya minda yakwera, makina akula, mvula yasintha. Bambo a nsapato zamatope sanasaine kanthu.

Komabe kugulitsa munda nakonso n'kwamuyaya. Agogo amene anagulitsa chigawo cha kumadzulo kuti alipirire ana sukulu anamanganso mdzukulu, ndipo palibe phungu amene wabweretsa bilu yoti malo ogulitsidwa azibwerera pakatha zaka 99. Kumadzulo kwa North Dakota, kumene kuli mafuta a Bakken, mabanja ambiri amalima pamwamba pamene chuma cha pansi chinagulitsidwa kwa ena mibadwo iwiri yapitayo. N'zowawa, koma aliyense amavomereza kuti umenewo ndi ufulu wa mwini malo, kugawa zimene ali nazo n'kugulitsa gawo. Wogula munda wa easement naye amaudziwa, ndi ntchito yanga kumuuza, ndipo mtengo umatsika molingana. Chimene chimasiyanitsa easement ya dambo si kutalika kwake. Ndi chakuti malire a munda wogulitsidwa ali ndi zikhomo, pamene malire a dambo la 1965 anasiyidwa m'manja mwa mvula.

Za kuti county imataya msonkho sizichedwetsa: malo a easement amakhalabe a munthu wamba ndipo amakhomeredwabe. Za kuti alimi akufuna mapangano a nthawi yochepa, alipo kale. Pulogalamu ya boma ya CRP, yolipira mlimi kuti apumitse munda, imayenda zaka 10 mpaka 15, ndipo ma easement a zaka 30 aliponso. Wofuna zaka zochepa asankhe zochepa. Bilu yodula zaka siyiwonjezera chosankha chilichonse, imangochotsa chimodzi.

Phungu akandifunsa chimene chingathandize, ndimamuuza za m'mabuku mwanga momwemo. Easement iliyonse yolembetsedwa ku county ibwere ndi mapu ndi chiwerengero cha maekala pa pepala lomwelo. Inene poyera chimene chidzachitike madzi akasefukira kupyola mzere. Mwini malo apatsidwe nthawi yokaonana ndi loya wake asanasaine, ndipo pakhale njira yodandaulira yosadikira kuti munthu ayambe wazengedwa mlandu ngati abale a ku Steele County aja. Zimenezi dera likhoza kulamula pa mapangano a mabungwe wamba popanda kugundana ndi lamulo la misonkho, ndipo likhoza kuziika ngati chingwe pa chilolezo chatsopano cha bwanamkubwa, pakuti Khoti Lalikulu silinatseke khomo limenelo.

Bambo aja anabweranso mapu awo atafika. Tinayala patebulo lomwelo, chithunzi cha m'mwamba chokhala ndi timizere tozungulira dambo lililonse. Tinawerenga limodzi, iwo akuloza ndi chala, ine ndikuphatikiza pa kakyuleta, ndipo maekala anafanana ndi a mu Summary ya malemu bambo awo. Thamanda lalikulu la kumpoto lija linapezeka kuti m'kati mwake muli timadambo titatu tomangidwa, madzi ena onsewo ali kunja kwa mizere.

"Ndiye ndikumbe?"

Ndinawauza kuti asathamange. Ngalande isatsitse madzi a timadambo titatu tija. Lamulo la zaulimi la 1985 limachotsa thandizo la boma kwa mlimi woumitsa dambo kuti alimepo, ndiye ayambe wafunsa ku ofesi ya zaulimi. Ndipo ngati madziwo amasonkhana kuchokera pa maekala 80 kapena kuposa, North Dakota yomweyo imafuna chilolezo cha ngalande, ndiponso mnansi wa kumunsi ali ndi mawu ake.

Anapinda mapuwo kanayi, anawaika m'thumba la malaya, n'kundipempha nambala ya woyeza malo amene amadziwa kutsata mmene madzi amayendera.